Nyali ya M'madzi Amchere

Ife obadwira m'mphepete mwa nyanja ku Chitimba timaweruza madzi ndi maso. Mvula ikagwa kumapiri a Khondowe, mitsinje n'kutsika ndi matope, amayi opita kukatunga amalowa m'nyanja mpaka madzi afike m'chiuno, kufuna poyera. Koma m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mwera utaleka kuwomba, nyanja imagona phee, ndipo munthu uli m'bwato umatha kuwerenga miyala yapansi umodziumodzi ngati waiyala wekha. Madzi otere palibe amawakayikira. Ukamva ludzu umangotapa ndi manja n'kumwa, ulendo n'kupitirira. Chibadwire chathu mawu akuti "oyera" ndi akuti "abwino" ndi amodzi tikamanena za madzi, ndipo munthu wokana madzi oyera mbee timamuyesa wamatama, apo ayi mlendo wochokera kutauni.

Chikhulupiriro chimenechi chinayesedwa pawiri m'chaka cha 2022, kuno kwathu komanso m'nyumba ina ya ku Johannesburg. Pakati pa malo awiriwa panali mng'ono wanga ndi foni yake.

Mng'ono wangayo anachoka kuno mu 2016, monga achokera anyamata ambiri a ku Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay, kutsata njira imene agogo athu anayenda pa nthawi ya Wenela. Kumeneko anayamba ndi ulonda wausiku, kenaka anapeza ntchito yosamalira maluwa ndi dziwe losambira panyumba ya munthu wina wopeza bwino. Ndalama imene amatumiza mwezi ndi mwezi ndiyo imalipirira ana a mlongo wathu sukulu, ndiyonso inafolera ndi malata nyumba ya amama, monga timawaitanira mayi athu kuno. Ntchito yake ikagwedezeka timagwedezeka tonse.

Kumapeto kwa Julayi chaka chimenecho bwana wake anagula thanki yagalasi ya malita 400, yoti aziwetamo nsomba za m'nyanja yamchere pabalaza. Si nsomba zodya ayi, n'zongoyang'ana. Asibweni athu atamva anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Mphwanga, nsomba yosadya ntchito yake n'chiyani?" Koma kwa eni ake ndi nkhani yaikulu. Johannesburg ili kutali ndi nyanja yamchere. Kuti ukafike ku Durban uyenda makilomita oposa 500. Motero madzi a m'nyanja amachita kupanga. Amasefa madzi apampopi mpaka atsale opanda kalikonse, n'kusungunuliramo mchere wapadera wogula m'zidebe, magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse. Kachipangizo kena kamasunga kutentha pa madigiri 25 kapena 26, usana ndi usiku. Pansi amayala mchenga woyera, pamwamba pake n'kusanja miyala yamabowomabowo. Mtima wa bwanayo kwenikweni unali pa makorali, zinthu zimene ukaziona pachithunzi umati ndi maluwa kapena nthambi za mtengo, pamene ndi tizilombo tamoyo tokhala mothithikana, tomanga zigoba za laimu zimene m'nyanja zotentha zimasanduka matanthwe ataliatali. M'matupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala n'kumagawira mwini nyumba. Ntchito yoyang'anira zonsezi inagwera mng'ono wanga pa chifukwa chimodzi chokha: bwanayo ankadziwa kuti mnyamata wake wa m'maluwa ndi mwana wa kunyanja ya Malawi.

Pakati pa katundu wobwera ndi thankiyo panali chitoliro chakuda chotalika ngati mkono, chimene amachitcha nyali ya UV. Chimakhala m'kabati kunsi kwa thanki, pamodzi ndi mapampu. Mkati mwake muli getsi lalitali lovekedwa galasi la quartz, poti galasi wamba limatchinga kuwala kofunikako. Pampu imakankhira madzi mbali imodzi, madziwo n'kuzungulira getsi lija, n'kutulukira mbali inayo kubwerera m'thanki. Kuwala kwake ndi kwa mtundu wa UV-C, kwa mananomita 254, ndipo maso a munthu sakuona. Ntchito yake n'kuwononga DNA ya kachilombo kalikonse kodutsa pafupi, kaya ndi bakiteriya, ndere zoyandama kapena tizilombo togwira nsomba, mwakuti kachilomboko sikathanso kuswana. N'chifukwa chake getsilo amalitsekera m'chitoliro, poti ukaliyang'ana lili pamtunda maso amapsa ngati a munthu woonerera owotcherera zitsulo. Nzeru yake si yatsopano. Mu 1877 Arthur Downes ndi Thomas Blunt a ku England anaonetsa kuti kuwala kwa dzuwa kumaletsa mabakiteriya kuchulukana, ndipo mu 1910 mzinda wa Marseille ku France unayesa nyali zotere poyeretsa madzi akumwa.

Mkangano unabuka tsiku loyamba lomwe. Thanki yatsopano, ngakhale madzi ake awale chotani, ndi manda a nsomba. Nsomba ikamapuma ndi kuchita chimbudzi imatulutsa amoniya. M'nyanja amoniyayo amamwazika n'kusowa, koma m'bokosi lagalasi alibe kothawira, ndipo amapha. Pamafunika mabakiteriya ena osandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amene nayenso ndi poizoni, ndi enanso osandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene nsomba zimatha kumupirira. Mabakiteriya amenewa sakhalitsa moyandama. Amamatirira pamiyala ndi mumchenga, ndipo kuti achuluke mokwanira pamapita masabata 4 mpaka 6. Masiku ano amawagulitsa m'timabotolo kuti ukathire ngati chimera m'thobwa. Wogulitsa kusitolo anamuuza mng'ono wanga kuti akathira, nyali ikhale yozimitsa kwa sabata kapena kuposerapo, chifukwa masiku oyambawo mabakiteriya amakhala akuyandama kufuna pokhala, ndipo akalowa m'chitoliro afa ngati ena onse. Nyali sidziwa mbale.

Bwana sanazimve zimenezo. Anali atalipira ndalama zambiri pa nyaliyo, ankafuna kuiona ikugwira ntchito, ndiponso ankafuna nsomba zilowe msanga alendo ake asanabwere. Kwa iye madzi anali oyera kale, nanga kudikiranji?

Apa mpamene ubwana wathu unamuthandiza mnyamatayo. Tili ana tinkapita kumiyala ya cha ku Chiweta, kunsi kwa phiri la Chombe, kukasambira ndi kuwedza mbuna ndi mbedza zopinda kuchokera ku mapini. Iye ndiye anali katswiri womira. Ankakhala pansi nthawi yaitali mpaka ine kumtunda mtima kuyamba kugunda, kenaka n'kutumphuka akuseka, akufotokoza zimene waona: yabuluu yathamangitsa yachikasu pamwala wake, ina yameza ana ake itaona chithunzithunzi cha munthu, n'kuwalavulanso kutakhala bata. Aliyense amene anapondapo pamiyala imeneyi akudziwa kuterera kwake. Imakutidwa ndi ndere zobiriwira mofiirira, ndipo mbuna tsiku lonse zimakhalira kupala nderezo ndi timano tawo ngati mwana akukokota nkhoko mumphika. Ukachoka pamiyala n'kupita pamadzi oyera a pakatipo, mbuna suziona. Mitundu yambiri siwoloka n'komwe mchenga wotambalala, n'chifukwa chake miyala ya pano ili ndi mtundu wake ndi maanga ake, ya patsidya la mchenga ilinso ndi wake. Mng'ono wanga sukulu analekezera Fomu 2, koma atamva wogulitsa uja akunena za mabakiteriya omatirira pamiyala anangoti chamumtima, izi ndiye ndikuzidziwa, chakudya cha pamalo chili pa choterera chija.

Ndipatuke pang'ono. Dzina lakuti mbuna ndi la Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo analifikitsa m'mabuku a sayansi ndi Geoffrey Fryer, amene anafufuza nsombazi kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake malemu Stuart Grant, amene anamwalira mu 2007, anakhala zaka zambiri ku Senga Bay ku Salima akutumiza nsomba zamoyo za m'nyanja yathu kumaiko akunja pandege, mpaka mtundu wina anaupatsa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Mng'ono wanga akuti tsiku loyamba kulowa m'sitolo ya nsomba ku Johannesburg anaima kakasi. Mbali ya madzi opanda mchere, pamagalasi panali patalembedwa Chilumba, Usisya, Chitimba. Tinsomba timene ife tinkaotcha pamoto wa mapesi poseweretsa tinali ndi mitengo yake, kamodzikamodzi. Anajambula n'kunditumizira, pansi pake n'kulemba kuti, "Akulu, taonani abale athu anafika kale kuno, ndipo iwo ali ndi mapepala."

Anamuchonderera bwanayo kuti amupatse masiku 10 nyali isanayake. M'mawa uliwonse ankatapa madzi m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala oyezera, n'kumusonyeza mtundu wake pakakhadi. Amoniya anakwera n'kutsika, naitiraiti anakwera pambuyo pake, koma m'maso madzi sanasinthe ngakhale pang'ono. Pa tsiku la 11 anayatsa nyali, nsomba zisanalowe. Ndiye m'sabata yachitatu miyala yoyera ija inayamba kuda. Utoto wofiirira ngati fumbi la Okutobala unakuta miyala, mchenga ndi galasi lomwe. Ndi ndere zina zotchedwa madayatomu, zimene zimabwera pafupifupi m'thanki iliyonse yatsopano n'kuzimirira zokha chakudya chake chikatha. Bwana anapsa mtima. Anati mwina nyali ija waiwononga poisiya yozimitsa, kapena wailumikiza molakwika, nanga bwanji thanki yada chonchi nyali ikuyaka? Anamulamula kuti atulutse miyala yonse aitsuke ndi burashi ndi madzi otentha, nawonjeza kuti ngati ntchito yamukanika, ofuna ntchito ali mbwee pageti.

Usiku umenewo anandiimbira. Timalankhula Chitumbuka, koma mawu ake anali awa: "Akulu, ndikatsuka miyala ija ndapha zonse zimene tadikira pafupifupi mwezi. Ndikakana, ntchito yatha. Nditani?"

Ndinamufunsa kuti nyaliyo kwenikweni imagwira chiyani. Anakhala chete pang'ono, nati, "Ili ngati ine ndili mlonda pageti paja. Ndinkagwira wodutsa pageti. Wolumpha mpanda kuseri, kapena amene ali kale m'nyumba, ameneyo sanali wanga."

Ndinamuuza kuti mawa akanene zomwezo, modzichepetsa, chipewa chili m'manja. Anakanenadi, ndipo bwanayo atafunsanso kwa anzake oweta nsomba anamupatsa masabata ena awiri. Mnyamatayo anangopukuta galasi, miyala osaikhudza, n'kuikamo nkhono zingapo za m'nyanja zodya ndere. Kumayambiriro kwa Seputembala kufiirira kuja kunali kutatha, amoniya ndi naitiraiti osaonekanso pakakhadi, ndipo munalowa nsomba ziwiri zoyamba, zija zaolenji za mizere yoyera zimene ana amazidziwira pa kanema wa Finding Nemo wa mu 2003.

Pamene iye ankalimbana ndi miyala yofiirira, kuno kunali kutagwa zina. Kolera anayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, namondwe wa Ana atadutsa kumene m'chigawo cha kummwera. Tinazolowera kuti nthendayi ndi ya dzinja, mvula ikaleka nayo imaleka. Chaka chimenecho sinaleke. Inakwera ndi nyanja m'chilimwe chenicheni, ndipo pofika kumapeto kwa Okutobala maboma a Nkhata Bay, Nkhotakota, Rumphi ndi Karonga anali m'gulu la maboma otsogola pa chiwerengero cha odwala. Pa 5 Disembala boma linalengeza kuti mliriwu wafika pa ngozi ya dziko lonse, mu Febuluwale 2023 kunayambika kampeni ya Tithetse Kolera, ndipo pamene mliri unkazilala anthu oposa 1,700 anali atamwalira, chiwerengero chimene dziko lino linali lisanachionepo pa nthenda imeneyi.

Kuno kunyanja inagwira kwambiri m'madooko, mmene asodzi a usipa amasonkhana kuchokera kutali, kugona m'misasa yopanda zimbudzi zokwanira, n'kumamwa nyanja yomweyo. Ndipo inali miyezi ija ndanena, imene nyanja imakongola kuposa nthawi ina iliyonse. Mnyamata wina wa pafupi ndi kwathu, siginala wa chilimira, amene ntchito yake inali kukhala m'bwato usiku ndi nyali kuitana usipa, anabwerako kunyanja m'mawa akudandaula m'mimba. Anali munthu wamphamvu, woti bwato ankalikokera yekha pamchenga. Pofika masana maso anali atalowa, khungu ukalitsina osabwerera. Anamunyamula panjinga yamoto chakumadzulo, koma sanaone kucha. Maliro ake sitinalire monga mwa mwambo. Panalibe kusambitsa thupi, panalibe kugona pasiwa, panalibe nsima. Azaumoyo ovala magolovesi ndiwo anamuika, ife titaima patali ngati alendo. Mayi ake ankangobwereza funso limodzi, kuti mwana wawo wadya chiyani, poti madzi amene ankamwa ndi omwewo amene tamwa tonse chibadwire.

Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi klorini, ndipo anagwira ntchito yotamandika. Koma amama anakana. Anati madzi a mankhwala amanunkha chipatala, amawachititsa nseru. Tikathira m'ndowa, iwo ankatuma mdzukulu mwamseri kuti akawatungire ena m'kachigubu. Kuwiritsa ankavomera, koma nkhuni kuno n'zogula kapena zokwerera phiri, ndipo madzi owiritsa pa kutentha kwa Okutobala sazizira msanga. Munthu wa zaka zoposa 70, amene anakubereka kumsana, sungamukalipire ngati mwana. Ndinamudandaulira mng'ono wanga pafoni, ndipo iye, amene mutu wake wonse unali pa nyali, anati, "Akulu, wogulitsa uja anati kuwala kumeneku n'kwa dzuwa. Nanga kwathu dzuwa linasowa liti?"

Sanaphonye kwenikweni. Kuwala kwa UV-C kochokera kudzuwa sikufika pansi pano, kumatsekerezedwa kumwamba ndi mpweya wa ozoni. Kumene kumafika kochuluka ndi kwa UV-A, kofookerapo, koma kukathandizana ndi kutentha kumapha tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, kuphatikizapo ka kolera. Chimene nyali imachita pa kamphindi, dzuwa limachita pa maola. Njirayi anayamba kuifufuza ndi Aftim Acra ku Beirut m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Switzerland n'kuipititsa patsogolo pa dzina lakuti SODIS. Kafukufuku wina pakati pa Amasai a ku Kenya, wosindikizidwa mu 2001, anapeza kuti mwa ana aang'ono omwa madzi oanika padzuwa, odwala kolera anali ochepa poyerekeza ndi anzawo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu nditamufunsa anati njirayo akuidziwa, koma anandichenjeza kuti isalowe m'malo mwa klorini. Tinasonkhanitsa mabotolo a Sobo a malita 2, oonekera mkati aja, kumatula mapepala ake, n'kuwatsuka bwino. Madzi tinkatunga pamjigo, kudzaza, kutseka, n'kuwagoneka pamalata a nyumba ya amama, malata omwe aja anagula mng'ono wanga. Lamulo lake ndi maola 6 dzuwa likamaswa mtengo, masiku 2 kukakhala mitambo. Ife tinkakweza m'mawa, kutsitsa dzuwa litapendeka, n'kuwasiya usiku kuti azizire.

Pali chinthu apa chimene chimandisangalatsa ndikachiganiza. Kuyera kwa madzi kumene makolo athu ankakufunafuna polowa m'nyanja mpaka m'chiuno kuli ndi ntchito yake ndithu. Madzi amatope kuwala sikuwalowa, kachilombo kamabisala kuseri kwa kafumbi n'kupulumuka. Olangiza njirayi amati uimike botolo lodzaza pa mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala n'kusuzumira pakamwa pake. Ukalephera kuwerenga, madziwo asefedwe kaye. M'thanki ya ku Johannesburg n'chimodzimodzi. Madzi amadutsa kaye pathonje losefera asanafike kunyali, ndipo galasi la quartz lija likagwira laimu amalisolola n'kulipukuta ndi viniga. Madzi oyera amangotsegulira kuwala njira, ntchito yakupha imatsalabe.

Vuto la mlonda wa pageti linatitsata mpaka pakhomo pathu. Madzi oanika akatsanulidwa m'kapu yotsukidwa ndi madzi a m'nyanja, kapena m'ndowa imene aliyense amaviikamo chikho ndi zala zake zomwe, dzuwa silingawalondole. Klorini ndiye amatsalira m'madzi, ngati mlonda woyendayenda m'nyumba monse. Choncho tinagawa ntchito. Klorini analowa m'ndowa zotsukira mbale, zosamba m'manja ndi zomwa ana, pamene amama anali ndi mabotolo awo atatu, kumwera pakamwa pa botolo penipeni. Anawakonda, ankati madziwo akukoma ngati akale, ndipo mdzukulu uja anapuma ulendo wake wamseri. Pakhomo pathu mliri unadutsa osagogoda, ngakhale makomo ena osamala kuposa ife unalowa.

Ku Johannesburg nyali inayesedwa kwenikweni mu Januwale 2023. Pa Khirisimasi bwana anabwera ndi nsomba yabuluu yokongola, ya mtundu wa mnzake wa Nemo pa kanema uja, n'kuiponya m'thanki tsiku lomwelo, akuti paja nyali ilipo. Patapita sabata nsombayo inatuluka timadontho toyera ngati yawazidwa mchere, ikudzikhula pamiyala, ndipo posakhalitsa zinzake nazo zinayamba. Kachilombo kake ndi Cryptocaryon irritans, ndipo moyo wake uli ngati anaupangira kupusitsa mlonda. Kamakhala masiku angapo m'khungu la nsomba, mmene kuwala sikufika. Kenaka kamagwera pansi, kudzitsekera m'kachigoba pamchenga, n'kumagawikana mmenemo, nthawi zina mpaka masiku 72. Pomaliza pamatuluka ana mazanamazana osambira, ofunika kupeza nsomba pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi pa msinkhu wokhawu pamene nyali ingawagwire, ngatinso pampu yawakoka. Tizilombo timeneti n'tolimba kuposa ndere, motero mng'ono wanga anachepetsa mpopi wolowetsa madzi m'chitoliro kuti madzi azichedwa pafupi ndi getsi. Matenda anabwerera m'mbuyo pang'ono koma sanathe. Nsomba yabuluu ija inafa. Zotsalazo anazisamutsira m'kathanki kena kopanda miyala n'kuzithirira mankhwala a kopa, amene m'thanki yaikulu sangalowe chifukwa amapha makorali ndi nkhono. Thanki yaikuluyo inakhala masabata 11 yopanda nsomba, makorali okhaokha, kuti tizilombo totuluka mumchenga tisowe pogwira, tife ndi njala. Zonsezi zinkachitika m'miyezi imene magetsi ku South Africa ankazima maola ambirimbiri patsiku, iye n'kumadzuka pakati pa usiku kukalumikiza kapampu ka batire, poti mabakiteriya a pamiyala aja nawo amafuna mpweya.

Asibweni amati zonsezi ndi misala ya anthu okhuta. Ndikaganiza kuti nsomba zinayi zili ndi nyali yoziyeretsera madzi usana ndi usiku pamene dooko lathunthu limamwa nyanja yosawiritsa, mawu awo amandilowa. Komabe nyaliyo ine sindiida. Imagwira ntchito imene anaipangira: madzi akabiriwira ndi ndere zoyandama imawayeretsa pa masiku ochepa, ndipo tizilombo tosambira imatichepetsa ndithu. Amene amandidabwitsa ndi munthu wogula chida n'kuyesa kuti m'bokosi momwemo amuikiramonso kudekha. Kuyambira nthawi imeneyo nsomba yatsopano iliyonse imayamba yakhala m'kathanki kapadera mwezi wathunthu, ndipo lamuloli analengeza ndi bwana mwini, ngati kuti nzeruyo ndi yake. Mng'ono wanga sanatsutse. Malipiro anamuwonjezera, ndipo anzake awiri a bwanayo amamuitana Loweruka kuti akawaonere mathanki awo.

Mkangano wawo womaliza unali wa getsi. Pachitoliro pali kazenera kakang'ono kosonyeza ngati nyali ikuyaka, ndipo pamaoneka kuwala kwabuluu. Kuwala kumeneko si UV ayi, n'kwawamba kongoperekeza. Mphamvu yeniyeni imanka nitsika mwezi ndi mwezi, ndipo opanga amalangiza kuti chaka chikatha getsi lisinthidwe ngakhale likuyakabe. Mu Ogasiti 2023 mnyamatayo atanena kuti pakufunika latsopano, bwana anatsegula kabati, kusuzumira, nati likuyaka bwinobwino. Iye anangomulozera kapepala kamene anamata pachitoliropo, pamene analemba tsiku loyatsa koyamba. Ndalama inatuluka patapita sabata. Getsi lakalelo analikulunga m'nyuzipepala n'kukalisiya kusitolo, poti mkati mwake muli mekyule, si lotaya kudzala.

Mabotolo a amama nawo amakalamba. Akakandikakandika pamalata n'kuyamba kuchita mbuu timawasintha, ngakhale asanabooke. Kuanika madzi sanakusiye mpaka lero, ndipo mabotolo opuma ntchitowo ena amasungiramo nyemba za mbewu, ena parafini, ena amapatsa adzukulu kuti akaphunzirire kusambira.